Kompyuta ya Kuchipinda kwa Apongozi

Ndinakhala pabanja zaka zisanu ndi zitatu ndisanaone nkhope ya apongozi anga aakazi pafupi. Sikuti tinkadana, ayi. Tinkalemekezana, koma ulemu wake unali wothamangitsana. Tikakumana pamsika wa ku Kapata, iwo ankakhotera kwa ogulitsa tomato n'kuyamba kufinya tomato amene sankafuna kugula, ine n'kulowa kwa okonza njinga ngakhale njinga ndinalibe. Ndikafika kwawo ndinkakhala pakhonde, iwo m'nyumba, moni n'kumadutsira mwa mkazi wanga. Mayiwa anaphunzitsa Chingerezi m'sukulu za mishoni mpaka kupuma, nyuzipepala sinkawadutsa, ndipo zambiri zamakolo ankaziseka. Koma ichi chothawana ndi mkamwini anachigwira ndi manja awiri. Ine sindinkadandaula. Mkamwini akamaonedwera patali, zolakwa zake zimaoneka zazing'ono.

Kompyuta inabwera ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene ankagwira ntchito kunja kwa dziko. Anafika nayo pa Khirisimasi ya 1998, pabasi yochokera ku Lusaka, ataikulunga m'mabulangete. Anaiika kuchipinda kwa amayi ake chifukwa ndiko kunali foni. Foniyo anaikokera kumeneko pamene apongozi aamuna ankadwala, ndipo atamwalira palibe anaganiza zoibweza pabalaza. Poopa akuba, mlamuyo anakulunga bokosi la kompyuta ndi tcheni, n'kulimangirira kuzitsulo za pawindo, n'kutseka ndi loko wamkulu ngati wa pagolosale. Kiyi anakwera naye ndege m'thumba la jekete.

Iye ankafuna kuti amayi ake azimulembera makalata pa intaneti. Amayi ankafuna china. Malemu amuna awo anaphunzitsa ku Chiparamba zaka zambiri, ndipo analemba m'makope asanu ndi awiri zonse zimene anaona: mmene anamangira sukulu yaudzu, mayina a midzi ndi a zitsime, ana amene ankathawa kalasi nthawi yokumba mtedza, mpaka mmene anafunsirira mbeta mphunzitsi wina wouma mutu, amayi omwewa. Abale a malemuwo anati makopewo ndi a kubanja lachimuna, koma anavomera kuwasiyira amayi mpaka atawataipa. Amayi anataipa miyezi inayi, n'kubweza makope monga anapanganira. Kumudzi makopewo sanakhalitse. Ena anadyedwa ndi chiswe, ena anthu anapichira fodya. Makina osindikizira panyumbapo panalibe, ndiye mawu onse a malemu anatsala malo amodzi okha, m'bokosi lomangidwa ndi tcheni lija.

Ine nthawi imeneyo ndinali kalaliki muofesi ina m'tauni. Anatitumizako ku Lusaka milungu iwiri kukaphunzira kompyuta, ndipo chibwerereni Kapata yense ankanditchula katswiri. Sindinkatsutsa.

Tsiku lina m'mwezi wa mphepo mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake nkhope ili yolemera.

"Amayi ati kompyuta yadwala," anatero. "Ikuchedwa kudzuka, ikumaimba foni yokha masanasana, ndipo akati atsegule buku la atate imayamba yauma kaye."

"Aibweretse kuno ndiione."

"Aibweretse bwanji? Mwaiwala tcheni?"

"Tikadula loko."

"Ati mukayamba kucheka loko ndi sowo, Kapata yense amva kuti m'nyumba muja muli chinthu chomangirira."

"Ndiye ndikalowa ndikaionere komweko."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Kuchipinda kwa amayi? Imwe?"

Tinagwirizana za pawindo. Loweruka m'mawa ndinakaima kunja, msana kukhoma, khutu pafupi ndi windo, maso kukhola la nkhuku. Katani inali yotseka. Mkazi wanga anakhala pakompyuta, amayi ake pabedi. Windo linali lotsegula ndipo tonse atatu tinkamvana bwinobwino, koma mawu ankayenera kudutsira mwa mkazi wanga basi.

"Uwafunse akamwini ngati adzuka bwino," anatero amayi.

"Ati mwadzuka bwanji."

"Muwauze ndadzuka bwino, kaya iwo."

"Ati adzuka, kaya inu."

Moni atatha, ndinauza mkazi wanga kuti andiwerengere tizithunzi tonse ta m'munsi mwa galasi. Anawerenga, anawerenga, mpaka ndinasintha mwendo woimira. Pulogalamu yoteteza kompyuta ku tizilombo ndi akazitape, imene ife tinkangoti mlonda, imayenera kukhala imodzi. Muja munali alonda atatu. Woyamba anasiya mlamu. Wachiwiri anabwera ndi mlembi wa kutchalitchi, amene ankabweretsa madisiketi, timbale tosungira zolemba, kudzataipa ndondomeko za misonkhano ya amayi. Wachitatu mkazi wanga sankamudziwa.

"Muwafunse kuti wachitatuyo anabwera ndi ndani."

"Uwauze anabwera yekha," anayankha amayi. "Anaodira bwinobwino. Analemba kuti muno muli ngozi, kodi ndilowe ndikuthandizeni? Manje munthu waodi ungam'bweze pakhomo?"

Apa ndi pamene ndinadziwira matenda. Apongozi anga sanayankhepo kuti ayi pa funso lililonse limene kompyuta inawafunsa. Chilichonse choodira pagalasi ankachilowetsa. Kalata ikabwera ndi kamphatso kuchokera kwa munthu wosam'dziwa, ankakatsegula, chifukwa kubweza mphatso ndi mwano. Kena kanaphulitsa nyali zamitundumitundu pagalasi, ndipo anakakonda kwambiri moti anaitana amayi oyandikana nawo kudzaonera.

"Uwauze kuti mlendo ndi mame," anatero amayi.

"Muwauze kuti mame amakamuka dzuwa likatuluka. Alendo awowa amanga nyumba, ena ayamba kulima."

Mkazi wanga anafikitsa mawuwo atawachotsa minga, ngakhale amayi anali atawamva kale ndi minga yomwe.

Mabulawuza, mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, analinso awiri. Aliyense akatsegulidwa ankafunsa ngati akhale iye wamkulu wa panyumba. Amayi ankavomera onse. Lolemba wamkulu anali uyu, Lachiwiri uyo, kuopa kukondera. Ankawasinthanitsa ngati mwamuna wamitala wachilungamo, koma zimenezi ndinangozinena mumtima. Tsamba loyamba nalo winawake anali atalisintha, moti akangolowa pa intaneti kunkabwera malo otchovera juga. Amayi, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, ankaphimba galasi ndi duku mpaka tsambalo litamaliza kutseguka, kenako n'kulitseka akuyang'ana kumbali.

"Muwauze," ndinatero, "kuti alonda atatu pageti limodzi amagwirana okhaokha. Aliyense akuona mnzake ngati wakuba, n'chifukwa chake ntchito yaima. Tisankhe mmodzi."

Amayi anaitenga nkhaniyo ngati akulemba munthu ntchito. Anafuna kudziwa za aliyense kwawo, amene anam'tuma, ndi khalidwe lake. Mtima wawo unali pa wachitatu uja.

"Ameneyu ndiye wakhama. M'mawa uliwonse amandipatsa moni, n'kundiuza kuti wapeza akuba. Wa mwana wangayu amangokhala duu, kaya amagona."

"Muwauze kuti wakhamayo ndiye kazitape. Amaona masamba amene atsegula ndi zimene alemba, n'kumatumiza kwa eni ake. Amene akuimba foni masana ndi yemweyo."

"Shuwa? Ndi ulemu wonse uja?"

"Ati shuwa?"

"Muwauze shuwa."

"Achoke lero lomwe," anagamula amayi.

Wa kutchalitchi ndiye anavuta. Amayi ankaopa kuti abusa akamva aganiza kuti tanyoza mpingo. Ndinati sadzamva. Iwo anati mlembi uja ali ndi pakamwa. Pomaliza ndinafotokoza kuti mlondayo ndi wakalekale, akuba amene amawadziwa anafa onse, atsopano amangom'dutsa akuliza mluzu. Zimenezo anazimva. "Ndiye kuti wapuma pantchito ngati ine chabe," anatero, n'kulola kuti achoke mwamtendere.

Zinthu zinali kuyenda, ndipo ine ndinayamba kudzimva. Anthu odutsa mumsewu ankaima kuona mwamuna wamkulu akulamula khoma. Mayi wina wogulitsa vitumbuwa anatula beseni lake n'kukhala pansi. Ndinakweza mawu, n'kuyamba kuthira Chingerezi cha ku Lusaka chimene sichinkafunika. Ndinauza mkazi wanga kuti amasule mlonda wotsalayo afufuze kompyuta yonse. Patapita kanthawi mkazi wanga anati, "Wapeza kachilombo. Akufunsa chochita."

"Vomerani."

"Pali mabatani atatu, imwe."

"Woyambayo. Dinani woyambayo."

Sindinafunse kuti kachilomboko kali m'chiyani. Sindinafunse kuti mabataniwo alembedwa chiyani. Ine amene ndinatha m'mawa wonse kulalikira za kuipa kovomera zilizonse, ndinavomera chinthu ndili chofulatira, chifukwa wogulitsa vitumbuwa ankandiyang'ana.

Kenako mkazi wanga analankhula ndi mawu amene sindinawakonde.

"Imwe. Buku la atate palibe."

Ndinamuuza ayang'ane apa, ayang'ane apo, atsegule ichi, atseke icho. Palibe. Kachilombo kanali m'buku momwemo, kanalowa ndi madisiketi a mlembi aja, ndipo ine sindinkadziwa ngati ndauza mlonda kuti alifufute kapena chiyani. Nzeru za milungu iwiri zinathera pomwepo. Makope kumudzi kulibe, mwini wake ali kumanda, ndipo amene wamaliza ntchito ya chiswe ndine mkamwini.

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Ndikanakonda akanandikalipira. Koma amayi analankhula motsitsa.

"Uwauze akamwini apite akapume. Aima nthawi yaitali."

Mkazi wanga sanawabwereze mawu amenewo. Ndinangopempha kuti azimitse kompyuta ndipo wina aliyense asaigwire. Ndinadutsa wogulitsa vitumbuwa uja osamuyang'ana, n'kupita kunyumba ndi manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Lamlungu kutchalitchi ndinkawaonera patali monga mwa masiku onse, ine kumbali ya abambo, iwo kwa amayi. Buku la nyimbo linali lotsegula m'manja mwawo koma sankaimba. Titaweruka mkazi wanga anati amayi akutifuna, ndipo nditenge zida zanga zonse. Zida zake zinali madisiketi awiri atsopano basi.

Tinapeza pakhonde payalidwa mphasa, ndipo azakhali a mkazi wanga ali pomwepo. Kwathu kuno apongozi ndi mkamwini akafuna kuleka kuthawana pamaphedwa nkhuku, wamkulu n'kuwagwiritsana chanza, iwo n'kudya mbale imodzi. Ambiri amachita zimenezi adzukulu atakula, ena amafa asanachite. Ine sindinkayembekeza kuti zingandigwere tsiku lotsatira nditataya buku la mwini nyumba.

Amayi anatuluka, n'kukhala pamphasa moyang'anizana nane. Azakhali ananena mawu awo ochepa, n'kutenga dzanja langa kuliika m'dzanja lawo. Linali dzanja laling'ono, louma, lamphamvu.

"Mwaswera bwanji, bambo?" Awa anali mawu oyamba kundilankhula ine mwini, opanda wonyamula.

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu." Mawu anga anatuluka ngati a mwana wa sukulu.

Anandiyang'anitsitsa kuyambira kumutu. "Kani muli ndi mpata kumano? Zaka zonsezi mwana wanga osandiuza."

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Ine nkhuku m'mbalemo ndinali ndisanaikhudze. Amayi anandikankhira ntchafu. "Idyani msanga, bambo. Nkhukuyi sinafere chikondi chokha. Kuli ntchito."

Pakhomo la chipinda ndinavula nsapato, ngakhale palibe anandiuza. Ndinalowa maso ali pansi, ndipo choyamba chimene ndinachita kuchipinda kwa apongozi anga ndi kupunthwa pa tcheni. Ndinakhala pampando, amayi n'kukoka wawo kukhala pambali panga. Mkazi wanga anaima pakhomo, wopanda ntchito koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu.

Kuona ndi maso n'kosiyana ndi kuuzidwa. Sipanathe mphindi zisanu ndinalipeza. Batani loyamba lija silinali lofufuta. Mlonda anangolitenga bukulo n'kulitsekera pakona pamene amasunga zinthu zokayikitsa. Ndinapumira m'mwamba, koma sindinafune kulonjeza msanga.

"Lilipo, amayi, koma likadali ndi kachilombo. Mlondayu sakadziwa mankhwala ake. Tiyambe tam'tengera nzeru zatsopano pa intaneti, ndiye ayese kulichiza."

"Likapanda kuchira?"

"Tiyese kaye."

Foni inalira kulira kwake kwa nkhumba yogwidwa mwendo, n'kulumikiza. Nzeru zatsopanozo zinkabwera pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi wa ku Kapata m'chilimwe, ndiye podikira tinakonza zina. Ndinasesa zotsalira za kazitape uja. Pa mabulawuza awiri aja ndinapempha amayi asankhe mmodzi. Anasankha amene anazolowera polembera mwana wawo, winayo ndinam'tseka pakamwa kuti asamafunsenso za ukulu. Tsamba la juga ndinalichotsa, n'kuika loti akangolowa azifikira pa makalata awo. Ndinatcheranso kuti chilichonse chofuna kulowa chiziyamba chafunsa, ndipo disiketi ya mlembi iziyamba yasechedwa pageti.

Chovuta chinali kuwaphunzitsa kukana. Ndinatsegula tsamba lina dala, funso n'kubwera.

"Apa dinani ayi, amayi."

Dzanja lawo linazengereza pa mausi. "Osam'funsa n'komwe kumene wachokera?"

"Osam'funsa."

"Nanga akakhala wabwino?"

"Wabwino adzabwera ndi kalata ya mwana wanu."

Anadina, n'kudikira ngati kuchitika china. Palibe chinachitika. Anadinanso pa lachiwiri, mofulumirirapo. Pa lachitatu anachita kunena mokweza kuti, "Ayi, pitani kwanu," ndipo ndinaona kuti ayamba kuzikonda.

Nzeru zija zitafika, ndinauza mlonda achize bukulo. Kamzere kanayenda pagalasi, kanaima pakati nthawi yokwanira kuti munthu alape machimo ake, kenako kanamaliza. Ndisanatsegule n'komwe ndinalikopera m'madisiketi onse awiri, n'kuwapereka m'manja mwa amayi. Ndiye ndinatsegula. Tsamba loyamba linabwera lathunthu, dzina la malemu pamwamba, pansi pake nkhani ya mmene anafikira ku Chiparamba ndi sutikesi pamutu.

Amayi anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Tsikani nalo mpaka kumapeto, bambo. Ine maso anga akuchita mantha."

Ndinatsika. Kope loyamba, lachiwiri, lachitatu, onse ali m'malo mwake. Kope lachisanu ndi chiwiri linathera pakati pa nkhani yofolera kalasi ndi malata, pamene matenda anawalanda cholembera. Ndinati tafika. Koma masamba anapitirira.

"Lachiwiri. Atate a ana, makope anu ndabweza lero. M'nyumba mwachita kupepuka moipa."

"Lachisanu. Mphepo yagwetsa mapapaya anu awiri. Limodzi ndadya, linali lokoma, musadandaule."

"Lamlungu. Anaimba nyimbo yanu ija, koma anaithamangitsa. Mukanakwiya."

Zinali choncho tsiku ndi tsiku, miyezi yonse chibwezereni makope. Zina zinali mzere umodzi, zina tsamba lathunthu. Chomaliza chinali cha dzulo lake m'mawa: "Loweruka. Akamwini anu abwera kudzachiza kompyuta. Ndikuwamva akutsokomola kuseri kwa windo. Ndi munthu wabwino, koma amadzimva pang'ono."

Ndinachotsa dzanja pa mausi ngati ndagwira mbaula. Dzulo ndinathamangitsa kazitape, lero ndinali nditawerenga zoposa zimene iye akanamvetsa. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo ndinasowa poyang'ana.

"Pepani, amayi. Ndaona pang'ono chabe."

"Sindinafunse zimenezo. Zilipo zonse?"

"Zilipo. Mpaka dzulo m'mawa."

Anagwedeza mutu kangapo. Anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso, osabisa. Mkazi wanga pakhomo paja sankadziwa chimene taona, ndipo amayi ake sanamuuze.

"Tsono dzukanipo pampandopo, bambo," anatero. "Chichokereni dzulo sindinawauze kalikonse. Sakudziwa n'komwe kuti tambala wawo wamkulu uja tam'dya."

Ndinadzuka, n'kulambalala tcheni, n'kutola nsapato zanga pakhomo. Mkazi wanga anafuna kufunsa, ine ndinam'gwira mkono n'kutuluka naye, n'kutseka chitseko. Tili pabalaza tinamva mabatani ayamba kulira.